Tsiku Limene Ndinawerengera Ng'ona Kalata ya Boma

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, kuti mukamaseka museke ndi chilolezo changa. Ine amene ndinabadwira m'chigwa muno, mano n'kumera ndikutafuna mlamba, ndinkakhulupirira kuti pepala likangomenyedwa chidindo cha boma, mwini wake choipa sichingamuone. Sikuti ndinkaliyesa mankhwala ayi, ndine wa mpingo ine, koma mumtima ndinkati chinthu chimene chadutsa pa matebulo atatu ku Chipata, anthu a mataye n'kuchisayina, ndani pansi pano angachitsutse? Sukulu ndinalekezera giredi faifi, ndiye musandiweruze mouma mtima. Zimene ndikuuzenizi zinandichitikira ndithu, mchere sindinathiremo, ngakhale anthu a kwathu ku Kakumbi amati ine ndikanena kuti kwacha muyambe mwasuzumira panja. Maina sinditchula, poti eni ake alipo, ndipo ena timakhala benchi limodzi Lamulungu.

Mukudziwa kuti Disembala akangolowa madzi amatsekedwa, osasodza mpaka Febuluwale atatha. Ife ogulitsa nsomba timakokera mabwato kumtunda n'kuwavundikira, maukonde kupachika m'denga, kenaka tonse kumunda kukalimbana ndi udzu masana, njovu madzulo. Ndi miyezi ya ndiwo zamasamba, ndipo msodzi akadya chibwabwa sabata zitatu zotsatizana amayamba kukangana ndi nkhuku zomwe.

Chaka chimenecho kunabwera mayi wina wachitsikana wophunzira za nsomba, wochokera kumtunda, atavala majombo ofika m'mawondo. Anati akufuna kudziwa kuti nsomba za m'mathamanda a m'mbali mwa Luangwa zimaswa liti, koma bwato alibe, kupalasa sadziwa, ndipo mvula ikakhazikika galimoto yake kuno singafike. Choncho akuluakulu a za nsomba anamulola kusankha msodzi mmodzi wa layisensi, amupatse kalata yoti iye yekha azitchera ukonde nthawi yotseka, pa thamanda limodzi, masiku atatu pa sabata, n'kumalemba zonse zimene wagwira. Nsombazo akatha kuyeza n'zake zodya, osati zogulitsa. Anasankha ine chifukwa manambala ndimalemba oimirira bwino, komanso, tisabisane, pa msonkhanopo ndinalankhula ndine ndekha.

Tsono pa kalatapo panali mizere iwiri, wina wa mwini bwato, wina wa mnzake wopalasa naye. Mayi uja anandiuza kawiri konse kuti mzere wachiwiri usakhale wopanda dzina. Dzina lake linali lodziwika ndi mwana yemwe: alamu anga, mchimwene wa amayi a kunyumba, amene tinapalasa bwato limodzi zaka zoposa makumi awiri, iwo kumbuyo ine kutsogolo, tikutukwanana kuyambira padooko mpaka pobwerera. Ndinati dzinalo ndibweretsa mawa. Mawa lake likadali m'njira mpaka lero. Mukandifunsa chifukwa chake, ndilibe chabwino choti ndiyankhe. Ndinkangofuna kuti m'mudzi monse munthu wa chidindo ndikhale ndekha, basi.

Kalatayo ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuipachika m'khosi ndi chingwe ngati mendulo. Ndikamadutsa pamene anzanga amakhala n'kumasoka maukonde, ndinkaima n'kuwafunsa kuti mwaswera bwanji alimi inu, kodi chibwabwa cha lero chinali ndi minga zingati? Alamu ndinawauza kuti akakhala ndi ulemu ndidzawabweretsera mutu wa nkholokolo anunkhize. Sabata yoyamba anaseka. Yachiwiri ankangoyankha ndi kukhosi. Yachitatu kunamveka mphekesera yoti m'mafomu mwangamo ndikulembamo maina a anthu amene amazemba kukakokolola tinsomba m'timifuleni ndi maneti a udzudzu. Linali bodza, koma sindinalitsutse, chifukwa kuopedwa kumakoma, anzanga, kumakoma ngati uchi wa m'chulu. Pofika Januwale ndikafika pagulu nkhani inkazima ngati moto wothiridwa madzi, ndipo ine ndinkati ndi ulemu.

Ntchito yake inali yotere. Thamandalo ndi khwawa lakale limene Luangwa analisiya atasintha njira, mbali yathu ino osati ya paki ya nyama, ulendo wa ola lathunthu pa bwato madzi akadzaza. Pakati pake panali mtengo wa msikidzi umene chigumula chimauzinga, ndipo mayi uja anaupaka penti yofiira n'kukhomerapo kathabwa ka manambala koonetsa pamene madzi afika. Lamulo lake linali limodzi: ukonde uzimangidwa pa mtengo womwewo, nthawi yomweyo, ziro sikisi m'mawa kutchera, ziro eyiti kuvuula, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Nditafunsa kuti bwanji osasinthako malo monga timachitira, anati ukasintha malo kapena nthawi, manambala a lero samvana ndi a dzana, ntchito yonse yapita m'madzi. Nsomba iliyonse ndinkaigoneka pa thabwa loyezera, kulemba utali wake ndi pensulo, kuitumbula, kuona ngati ili ndi mazira, n'kutapa pang'ono m'kabotolo. Matumbo anandipatsa ndowa yoti ndiziikamo ndikakwirire kumtunda. Ine ndowayo ndinaona kuti ikuyenera nsomba zanga, matumbo ndinkangoponya m'madzi pomwepo.

Apa aliyense wobadwira m'chigwa wagwira kale pakamwa. Bambo anga ankati madzi a Luangwa sutunga kawiri pa malo amodzi nthawi imodzi, chifukwa ng'ona imawerenga masiku kuposa mphunzitsi. Mwana wa zaka zisanu kuno amadziwa. Alamu akanakhala kumbuyo kwanga akanandigogoda ndi nkhafi tsiku loyamba lomwe. Koma ine ndinali ndi chidindo pachifuwa, ndipo nzeru za bambo anga ndinaziona ngati za anthu osadziwa ofesi. Sabata zisanu ndi zitatu ndinkabwera pa mtengo umodzi, ola limodzi, n'kumaika chakudya m'madzi ngati woweta nkhunda. Mayi uja ankafufuza nsomba, osadziwa kuti pansi pa mtengo wake pali wina amene akufufuza ine.

Simunauone mtsinje nthawi yotseka inu. Masiku ena onse pa thamanda paja pamakhala mabwato khumi, uyu akuimba, uyu akupempha fodya, uyo akugogoda bwato kuti mvuu zidziwe kuti kukubwera anthu. Koma miyezi imeneyo kunali ine ndi nkhwazi basi. Ndinkapezeka ndikulankhula ndi milamba poiyeza, kuifunsa za kwawo. Nthabwala ikandibwerera m'mutu ndinkacheuka kuti ndiwauze alamu, n'kupeza kumbuyo kuli ndowa.

Tsikulo linali Lachisanu, Febuluwale ali pakati. Kumtunda kunali kutagwa mvula yambiri, madzi anali ofiira, akubwera ndi zinyalala ndi zitsa. Nditafika pa mtengo ndinawerenga kathabwa, madzi ali pa eyite, ndinalemba, ndinatchera, ndinadikira. Pa ziro eyiti ndinayamba kukoka ukonde, ndipo unalemera modabwitsa. Mtima unati lero ndagwira chimlamba choti ndikachigoneke pakhomo pa alamu angochiona. Ndinagwada m'mphepete mwa bwato n'kulowetsa mkono m'madzi mpaka m'chigongono kuti ndimasule pamene panakola. Nthawi yomweyo kashembe, ntchentche yoluma ya kutchire, anandiluma pakhosi, kuluma kwake kuja kwa singano yamoto, ndipo ndinavuula dzanja kuti ndimuphe. Mpaka lero kashembe sindimupha ine, ndimangomuuza kuti apite bwino.

Pamene panali mkono wanga panatuluka kukamwa. Sindinaone ng'ona, ndinaona kukamwa kokha, koyera chachikasu mkati, kenaka phokoso ngati munthu wamenyetsa chitseko cha galimoto, mano atagwira m'mphepete mwa bwato. Ng'onayo inadzipotokola kamodzi, bwato linapendeka, madzi analowa. Mmene ndinakwerera mtengo uja musandifunse, munthu wa mawondo olira ngati anga, ndinangozindikira ndakumbatira nthambi, ndikupuma ngati galu. Pansi bwato langa linali litagadabuka, likupita pang'onopang'ono, nkhafi patsogolo, mabotolo a mazira akuyandama pambuyo ngati anapiye. Foni inali m'thumba la jekete, jekete linali m'bwato. Ndinatsala ndi malaya, buluku, lamba, jombo imodzi, ndi kalata ya boma m'khosi, youma bwinobwino.

Poyamba ndinaseka, ndikuuzeni zoona, ndinati nkhani iyi ndikakaikonza bwino idzandimwetsa mowa chaka chathunthu. Kenaka ndinayang'ana pansi. Ng'ona inali pomwepo, kutalika kwake ngati bwato langa lomwe, maso ndi mphuno zokha pamwamba, osagwedezeka, osapsa mtima, ngati munthu amene wafika msanga pa chipatala ndipo akudziwa kuti dzina lake liitanidwa. Ndinayang'ana kathabwa, madzi ali pa nainte. Kathabwako kankathera pa wanu fifite, ndipo nthambi yanga, yokhayo yolimba yoti n'kunyamula munthu, inali mkono umodzi pamwamba pa mathero akewo. Masamu a giredi faifi anakwana.

Ndinakuwa. Ndinaitana alamu ndi dzina lachipongwe limene ndimawaitanira, kenaka ndi dzina lawo lenileni, kenaka ndi mfunda wawo monga amachitira munthu wopempha mkazi. Ndinaitana anzanga onse mmodzimmodzi, ngakhale amene sitilankhulana chikanganirane pa nkhani ya mbuzi. Zinandiyankha ndi mvuu kutsidya, kuseka kwawo kuja. Ndani akanamva? Lamulo linali litachotsa munthu aliyense pamadzi, ndipo ine ndinali nditanyadira zimenezo miyezi iwiri yathunthu. Amene ankadziwa kumene ndili anali amayi a kunyumba, ndi mayi wa majombo amene anali ku Chipata pa tebulo lake.

Cha m'ma teni kunadutsa kandege kotsikira ku Mfuwe, pafupi moti ndinaona mawindo. Ndinavula malaya n'kumakupiza mpaka phewa kuwawa. Kaya alendo odzaona nyama amene anali m'menemo anandiona kaya, mwina chithunzi changa chili pa khoma kwinakwake kunja, akuuza anzawo kuti anyani a ku Luangwa amavala jombo imodzi. Kandege kanapita, chete anabwerera, ndipo chete wachiwiriyu anali woposa woyamba.

Mtengo wozingidwa ndi madzi sukhala wako wekha. Nyerere zonse za pa malo aja zinali zitathawira momwemo, ndipo zinandipeza. Zinalowa m'buluku, m'khwapa, m'makutu, ndipo sungazikunthe bwino chifukwa manja onse ali ndi ntchito. Dzuwa litafika pamutu madzi anali pa handiredi na twente. Miyendo inachita dzanzi, ndinaitambasula pang'ono osaganiza, ndipo madzi anaphulika. Ng'ona inadumpha theka la thupi lonse kunja, ndinamva mpweya wake wonunkha matumbo anga omwe aja, n'kubwerera pansi ndi jombo yanga. Inaitafuna, inailavula, inabwerera pa malo ake enieni aja. Apo nthabwala zinandithera. Ndinavula lamba n'kudzimangirira ku nthambi yapamwamba, kuti ndikakomoka ndisagwe, ndipo ndinalira, mkulu wonse ndi imvi zanga, mamina ndi misozi, popanda wondiona.

Tsono apa mpamene ndinachita chinthu chimene sindinauzepo munthu kufikira lero. Ndinatulutsa kalata ija m'pulasitiki, ndinaitambasula kuti chidindo chiyang'ane pansi, n'kuyamba kuiwerengera ng'ona mokweza, Chingerezi chonse, mawu amene ndimawadziwa ndi amene sindiwadziwa omwe. Ndinaiuza kuti ndine wololedwa, kuti nayi siginecha, kuti ikandigwira ikhala ndi mlandu ndi boma. Kaya ndinali nditazungulira mutu ndi dzuwa, kaya ndinkangofuna kumva mawu a munthu, ngakhale akhale anga omwe. Inamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Nditafika pa mzere wachiwiri uja, wopanda dzina, ndinapinda pepala.

Kuchokera pamenepo sindinakuwenso. Ndinkangoona madzi akudya manambala, wanu sate, wanu fote, ndikuganiza zopusa, zoti chimanga changa sindinapalire mbali ya kumadzulo, zoti pa maliro opanda mtembo anthu amaimba nyimbo zingati. Chimene chinkandiwawa kwambiri si mano ake ayi. Chinali choti Lolemba anzanga adzakhala pamalo pawo paja akusoka maukonde, wina n'kunena kuti kwakhala bata masiku ano, enawo n'kuvomera.

Dzuwa litapendeka, cha m'ma sikisitini, kathabwa katatsala zala zinayi kuti kamire, ndinamva gu, gu, gu, nkhafi ikumenya bwato. Kagogodedwe kameneko ndikanakazindikira ngakhale ndili m'manda, katatu kenaka kupuma. Anali alamu, okhaokha, m'bwato lawo lakale lothonya. Sanandiyang'ane n'komwe. Anazungulira mtengo patali akumenya madzi ndi ndodo yaitali, akugogoda, akutukwana ng'ona ndi makolo ake, mpaka inamira n'kukatulukira kutali. Anabweretsa bwato pansi pa nthambi n'kunena kuti tsikani bwana, galimoto ya boma yafika, koma mutsike ngati dzira chifukwa mukaligadabuza bwatoli ine ndiuza ng'ona kuti iyambe ndi inu, ndinu ofewa ndi nsomba za miyezi iwiri. Lamba anachita kundimasula okha, zala zanga zinali zitakana.

Tili pakati pa ulendo anandifunsa osacheuka ngati dzina lawo lili pa pepala langa lija. Ndinati mulibe. Anati basi, ndiye kuti pamadzi pano iwo palibe, sindinawaone, ndikalembe mu fomu kuti ndinabwerera pa msana wa mvuu. Ndinayesa kuseka kuti tiyambirenso zathu zija, koma iwo sanaseke, ndipo mpaka kudooko sanalankhulenso. Munthu amene wakutukwana zaka makumi awiri akakhala chete, umalakalaka akanakumenya.

Mayi uja atamva anabwera ndi njinga yamoto m'matope monsemo, nkhope itagwa, ndipo chinthu choyamba anafunsa za mzere wachiwiri ndi za ndowa. Ndinayang'ana pansi ngati mwana wakuba shuga. Mlandu sunali wake. Ndipo ndinene chilungamo, ntchito yake inali yabwino. Ine amene ndinkati kutseka madzi ndi nkhanza za anthu a m'maofesi, ndinatumbula nsomba ndi manja angawa miyezi iwiri, ndipo zambiri zinali zodzaza mazira mpaka kukhosi. Lero Disembala akafika bwato ndimavundikira ndekha osadikira kuuzidwa. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti pepala la boma limakuchotsera lamulo la boma lokha, la mtsinje limatsala momwemo, ndipo la mtsinjelo lilibe ofesi yokadandaulako. Ndiye inu asodzi anzanga, a ku Lupande ndi kwina konse, ofufuza akadzakusankhani vomerani, koma muwauze zimene makolo anu anakuuzani za malo amodzi ndi nthawi imodzi, amamva anthu aja ukawafotokozera. Matumbo kakwirireni kumtunda. Ndipo mwayi ukakugwerani nokha, pakamwa muzisamala pamene mukudutsa pa anzanu.

Madzulo a tsiku la ng'ona lija amayi a kunyumba anatenthetsa madzi n'kumandithowa msana umene nyerere zinaulima. Ine mtima utakhala pansi ndinayamba kale kuikonza nkhani, ng'ona ikukula mkono umodzi pa chiganizo chilichonse, ndipo ndinati mawa ndikawathokoze anzanga poti ndithu mudzi wonse unatekeseka. Iwo anafinya kansalu, kenaka anandiuza osakweza mawu. Anati dzuwa litafika pamutu ine osaoneka, anayenda khomo ndi khomo, makomo asanu ndi awiri, akugwada, ndipo paliponse anawayankha kuti munthu wa boma akamufune ndi a boma. Anati ngakhale achimwene awo anakhala pa mpando ola lathunthu osayankha, ndipo ponyamuka ananena kuti akupitira mlongo wawo, osati ine. Ndiye anati, atate ake a ana, ng'ona ine sindikuiopa, ng'ona ndi nyama, yachita zake. Chimene chandiopsa lero n'chakuti tsiku limene mudzafe zenizeni, kodi manda anu ndidzakumba ndekha?